Aphunzitsi Kalilangwe ndi Mose wa ku Amereka

Malemu amene atisonkhanitsa muno lero, bambo Mcdonald Kalilangwe, anabadwa pa 14 Malichi 1952 m'mudzi mwa Kanyenda, Mfumu Yaikulu Chiwere, m'boma la Dowa. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri, ndipo mwana wamwamuna analipo iwo okha. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Rodney, mwana wa mlongo wawo wamng'ono, choncho mukamva ndikuti amalume, dziwani kuti ndikunena omwe agona apawa. Abusa, akuluampingo, amayi a Mvano, abale athu a ku Zambia ndi nonse amene mwasiya mashifiti anu kuti mukhale nafe, mundikhululukire ngati mbiriyi italikeko. Eniakewo anali aphunzitsi a mbiri yakale, ndipo sakanandilola kudumpha chaka ngakhale chimodzi.

Sukulu anayamba mu 1960 pa sukulu ya mishoni, mtunda wa ola limodzi ndi theka wapansi. Inu amene munawadziwira kuno ku Perth mumati anali munthu wofatsa, wa mawu owerengeka. Alongo awo akamva zimenezi amaseka. Iwo amati ali mwana ankalankhula ngati wailesi yopanda pozimitsira, moti mayi awo ankawatuma kudimba dala kuti pakhomo pakhaleko bata. Dzina lakuti Wailesi linawamatirira mpaka kumaliza pulayimale.

Mu 1968 anasankhidwa kupita ku sekondale ya Robert Blake ku Kongwe. Kumeneko anakumana ndi mphunzitsi wachinyamata wochokera ku Amereka, amene tsiku lina anabwera m'kalasi ndi kachithunzi ka belu lalikulu long'aluka. Anawauza ana asukulu kuti belu limenelo anthu akwawo amalilemekeza ngati chizindikiro cha ufulu wawo, ndipo anawawerengera mawu olembedwa pabelupo. Amalume anadzidzimuka, chifukwa mawuwo ankawadziwa pamtima kuchokera ku Sande sukulu. Anali a mu Levitiko 25, pamene Mose alamulidwa kuti alalikire ufulu m'dziko lonse kwa onse okhalamo. Anaimika mkono n'kufunsa kuti, "Nanga Mose wathuyu ku Amereka anakatani?" Kalasi yonse inafa ndi chiseko. Iwo sankaseka, ndipo funso limeneli analisenza zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri.

Mu 1972 analowa ku Chancellor College, ndipo mu 1976 anatenga digiri ya uphunzitsi, phunziro lawo lalikulu lili mbiri yakale. Anzawo a nthawi imeneyo amati buku lililonse la ku Amereka limene linali mu laibulale linali ndi zala za a Kalilangwe. Anapeza kuti azungu oyamba aja amene anaoloka nyanja yaikulu m'ma 1600 ankadziyesa ana a Israeli, mfumu imene anaithawa ankaiyesa Farao, ndipo dziko latsopanolo ankaliyesa Kanani. Anapeza kuti mu 1776, pofuna chidindo cha dziko lawo, ena mwa atsogoleri anafuna kuti pachidindopo pakhale Mose atatambasula dzanja, Farao akumira ndi magaleta ake. Koma chimene chinawadya mtima kwambiri chinali china. M'minda ya thonje ya dziko lomwelo, akapolo akuda ankaimba za Mose yemweyo, ndipo Farao wawo anali zidzukulu za aja ankadzitcha Israeli. Mayi wina amene anathawa ukapolo n'kumabwereranso kukatenga anzake, anthu anangomutcha Mose. Amalume ankati Baibulo linali limodzi, Mose mmodzi, koma mwini munda ndi wolima m'mundamo aliyense ankamuwerenga ngati wake.

Ntchito ya uphunzitsi anayamba chaka chomwecho cha 1976. Pa 5 Ogasiti 1978 anamanga ukwati woyera ndi mayi Margreth Nankhoma a ku Mponela, amene akhala kutsogoloku. Mayi athuwa amanena poyera kuti pa chibwenzi chawo anamva zambiri za Mose kuposa za iwo eni, ndipo anavomera ukwati poganiza kuti mwamuna wotere sangakhale ndi nthawi yoyang'ana akazi ena. Sanalakwitse. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu: Tayamika mu 1979, Atikonda mu 1982 ndi Annastazia mu 1987.

Tsopano ndafika pa chaka chimene banja lathu silinkachitchula, chaka cha 1983. Ambiri muno mukuzimva koyamba, koma malemu anandilamula okha kuti ndizinene, ndipo anati ndisapsatire mawu. Chaka chimenecho anali atapeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku Amereka. Kalata inabwera, sutikesi inagulidwa, ulendo unali wa mu Sepitembala. Anali atadzaza makope khumi ndi limodzi ndi zonse anasonkhanitsa za Mose ndi dziko limenelo. Mu Julayi, akuphunzitsa Fomu 4 pa sekondale ina ya m'chigawo chapakati, anawauza ana kuti anthu amene anathawa Farao anafika kutsidya n'kusanduka Farao wa anzawo. Mtsikana wina anafunsa, mosaganiza choipa, ngati zimenezi zimachitika ku Amereka kokha. Wailesi uja sanadikire. Anayankha kuti zimachitika paliponse pamene anthu atcha munthu mnzawo Mose n'kusiya kumufunsa mafunso.

Akuluakulu muno mukudziwa kuti masiku amenewo dziko lathu linali lotani, ndi amene ankaimbidwa nyimbo kuti ndiye anatitulutsa mu ukapolo. Makoma anali ndi makutu. Lachiwiri pa 12 Julayi 1983, nthawi ya buleki, galimoto inaima pabwalo la sukulu, amuna awiri anaima pakhomo la kalasi, ndipo amalume anatengedwa choko chili m'manja. Mlandu sunazengedwe. Masana a tsiku lomwelo mayi Margreth, mwana Atikonda ali kumbuyo, anatenga makope onse khumi ndi limodzi n'kuwaponya pamoto kukhitchini, poopa kuti akapezeka awaphetsa amuna awo. Miyezi khumi ndi inayi anayendayenda m'zipata za ndende ndi kamtanga ka ufa wokazinga, osadziwa ngati afika nako kwa mwini wake.

Amalume anatulutsidwa mu Sepitembala 1984, ali owonda, mano awiri atachoka. Za makope sanafunse, ndipo mayi sananene. Atawalola kubwerera ku ntchito, anapempha okha kuti awasinthe phunziro, aziphunzitsa jogalafe. Ankati mapiri ndi mitsinje sizimangitsa munthu. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu anaphunzitsa za mvula, miyala ndi mphepo ku Ntchisi, ku Salima ndi ku Dedza, ndipo anaphunzitsa bwino, moti ena mwa ana awo ali muno, lero ndi anamwino ndi madokotala. Koma Wailesi uja anali atazima. Mu 1994, zinthu zitasintha, aliyense akusimba za ndende yake pa wailesi ndi m'nyuzipepala, iwo anangokhala chete. Tinkawauza kuti amalume, nthawi ija inapita. Iwo ankangoti, "Linda madzi apite," n'kutsegula atlasi yawo. Ife achibale zinkatipweteka, chifukwa tinkaona munthu wanzeru akuyenda ngati wobwereka moyo. Anapuma pa ntchito mu 2012.

Tayamika anabwera kuno mu 2008 kudzagwira ntchito ya unamwino pa chipatala chachikulu cha ku Nedlands, ndipo mu 2014 anaitanitsa makolo ake. Anakhazikika ku Armadale. Miyezi itatu yokha yokhala pakhomo inawakwana amalume, ndipo mu 2015 anayamba ntchito yoolotsa ana asukulu pamsewu. Ambiri munawaona m'mamawa, atavala chijekete chowala, chipewa chachikulu kumutu, mbendera m'manja. Akakweza mbendera, magalimoto onse ankaima njo, ana n'kuoloka. A Malawi anzathu osasowa chonena anayamba kuwatcha Mose wa pa Armadale, osadziwa kuti akukanda pachilonda. Iwo ankangomwetulira. Ana a sukuluyo ankawatcha Mista Mac, ndipo lero atumiza maluwa ali apowo.

Mu 2016, Loweruka lina masana, gulu lathu la mapemphero linasonkhana kunyumba kwa Tayamika, ndipo tinkawerenga buku la Eksodo. Abusa anafunsa mwachizolowezi ngati pali woonjezerapo. Sitidziwa chimene chinawagwira amalume tsiku limenelo. Anayamba pang'onopang'ono, za belu long'aluka lija, kenako za chidindo, za nyimbo za m'minda ya thonje, za nkhope ya Mose imene ili pakhoma m'nyumba ya malamulo ya ku Amereka, za mlaliki wakuda amene anadziyerekeza ndi Mose ali paphiri, mawa lake n'kuphedwa. Tiyi anazizira m'makapu, mandasi osakhudzidwa. Zaka zonse zija makope anapsa, koma m'mutu munalibe chimene chinapsa. Atamaliza, a Kapembwa, m'bale wathu wa ku Zambia amene ndimagwira nawo ntchito ku Kwinana, anawomba m'manja n'kunena mwa kwawo kuti, "Ba Kalilangwe, ivi vinthu si va mu sitting room, yendani mukakambe ku university!" Ndipo sanathere pa mawu. Mafomu anakatenga okha, n'kuwakhalira amalume pakhosi mpaka anasaina.

Mu Febuluwale 2017, ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu, malemu analowanso sukulu pa yunivesite ina ya mumzinda uno. M'mawa ankaolotsa ana, kenako n'kukwera sitima ya Armadale ndi fulasiki ya tiyi, masana n'kubwerera kudzaolotsanso. Sabata yoyamba ophunzira anzawo ankawapatsa njira poyesa kuti ndi pulofesa. Amene anapatsidwa kuti aziwayang'anira ndi Dokotala Katherine, amene ali nafe muno, mayi wa msinkhu wa Annastazia. Mu 2019 Dokotalayu anaona kuti ntchito ya amalume yakula kupitirira digiri yachiwiri, ndipo anawakweza kuti alembe buku la digiri yapamwamba, ya udokotala wa maphunziro. Kunyumba kunali chimwemwe, mayi Margreth anavina ndi nyamakazi yawo yomwe.

Pofika 2022 anali atalemba machaputala anayi, ndipo apa ndi pamene zinthu zinaima. M'machaputala onsewo amalume anasonkhanitsa zimene akatswiri ena ananena, aliyense n'kumupatsa ulemu wake. Uyu ananena bwino, uyunso anaunika mwanzeru, winayunso tiyenera kumuthokoza. Kwathu mwana woleredwa bwino satsutsa akulu pagulu, ndipo amalume ankalemba ngati ali pabwalo. Dokotala Katherine anawauza mosabisa kuti aona mayina a anthu mazana awiri m'bukumo, koma a Kalilangwe sanawapezemo. Chaputala chachisanu chinayenera kukhala cha maganizo awoawo, ndipo popanda chimenecho udokotala kulibe. Amalume ankadziwa bwino lomwe chimene chinayenera kulowa m'chaputala chimenecho. Anali mawu omwe aja anawachotsera mano awiri. Akakhala pa kompyuta kuti awalembe, mantha ankawagwira, n'kuizimitsa osalemba kanthu, ngakhale kuti Armadale ndi Dowa zatalikirana nyanja yonse.

Ndiye anachita chimene Mchewa wa zaka zawo amachita nkhani ikavuta. Sanalembe imelo, sanaimbe foni. Anatuma ankhoswe. Mu Novembala 2022 anandiitana ine ndi a Kapembwa, n'kutilamula kuti tivale masuti, tipite ku ofesi ya Dokotala Katherine, tikapereke mawu akuti bambo akupempha mwaulemu kuti bukulo lithere pa chaputala chachinayi. Ndinayesa kuwauza kuti kuno ankhoswe a maphunziro sawadziwa, koma mwana wa mlongo satsutsa malume ake. Tinapita. Tinagogoda, tinakana kukhala mpaka atatiuza kawiri, tinapereka moni wautali, kufunsa za kunyumba ndi za ana. Dokotala ataona masuti akuda ndi nkhope zathu zozizira anagwira pamtima, poyesa kuti tabwera kudzanena maliro. Titafotokoza kuti munthuyo ali moyo, ali pamsewu ndi mbendera yake, anapuma kaye, kenako anafunsa chifukwa chimene sanabwere okha.

Apa ndivomere pamaso panu kuti unkhoswe ndinaulephera. Nkhoswe imanena zimene yatumidwa basi, koma ine ndinaulula za 1983, zimene anandiletsa. Dokotala Katherine anamvetsera, misozi ili m'maso, koma sanagonje. Anati ndi machaputala anayi akhoza kuwapatsa digiri yocheperapo, ndipo palibe angawanyoze. Koma ngati akufuna kusiya, abwere adzanene okha ndi pakamwa pawo, chifukwa iwo sangalandire mawu otere kudzera kwa munthu wina. Pobwerera ndinasowa powayambira amalume, ndipo ndinangowauza kuti Dokotala akuti wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Atadziwa kuti ndaulula chinsinsi, miyezi iwiri yathunthu sanandilankhule. Ku yunivesite anasiya kupita, koma kukanena kuti asiya sanapitenso. Mabuku anawatsekera m'katoni pansi pa bedi.

Mu Malichi 2023 anayamba kudandaula msana. Tayamika anawatengera ku chipatala, ndipo madokotala anapeza khansa imene inali itafika kale m'mafupa. Anawauza kuti mankhwala akhoza kuwapatsa zaka ziwiri, mwina kupitirira pang'ono. Ife tonse tinati basi, za sukulu zatha, munthu apume. Amene sanavomere ndi mayi Margreth. Tsiku lina masana, akudikira basi kuchokera ku chipatala, mayi athuwa anatsegula nkhani imene inakhala yotseka zaka makumi anayi. Anawauza amuna awo kuti, "Makope aja ndinawotcha ndine, bambo a Taya, ndipo utsi wake sunandichoke m'maso. Chilango cha mawu amenewa munalandira kale chonse. Mukapita nawo kumanda, ndiye kuti miyezi khumi ndi inayi ija ine ndinayendera chabe." Basi inabwera, anakwera, anafika kunyumba. Mawa lake amalume anapempha Tayamika kuti awagulire makope a ana asukulu, a mizere.

Anayamba kulemba mu Juni 2023. Ankalemba pamanja, m'Chichewa, chifukwa ankati m'Chingerezi munthu akhoza kubisala kuseri kwa mawu aataliatali, koma m'chinenero cha amayi ako bodza limaonekera msanga. Akadzaza tsamba ankalitembenuzira m'Chingerezi pa kompyuta ndi zala ziwiri. Anapita okha kwa Dokotala Katherine, opanda nkhoswe, n'kukawauza kuti abwerera. Ntchito ya pamsewu anaisiya. Mu Novembala chaka chomwecho njanji ya Armadale inatsekedwa kuti ikonzedwe, ndipo ulendo wa ku laibulale unasanduka wa mabasi, ola ndi theka kupita kokha, mafupa akuwawa pa bampu iliyonse. Tinkawapempha kuti tiziwatenga pa galimoto. Ankakana, amati m'basi ndi mmene amakonzera ziganizo.

Chaputala chimenecho ndachiwerenga, ndipo ngakhale ndine munthu wa mapaipi ndi mavavu, ndinachimva. Analemba kuti mtundu umene umadzitcha Israeli umayang'ana Farao kumbuyo kokha, suyang'ana m'manja mwake kuona ngati muli chikwapu. Analemba za eni nthaka a ku Amereka, amene obwera aja anawayesa Akanani oyenera kuchotsedwa, ndipo anati atafika kuno n'kumva mbiri ya eni nthaka a kuno, anthu a Chinoongar, sanafune womasulira. Koma analembanso kuti ulemerero wa nkhani ya Mose ku Amereka uli apa: akapolo anamulanda Mose m'manja mwa ambuye awo n'kumuimika pamaso pawo, ndipo dziko linakakamizika kumva, chifukwa mawuwo linali litawalemba lokha pa belu lake. Anatsutsa mapulofesa atatu powatchula mayina, mwaulemu ndithu, koma anawatsutsa. Ndipo kumapeto analemba za kalasi ya Fomu 4 ku Malawi, za funso la mtsikana uja, ndi za mphunzitsi amene anayankha.

Lachisanu pa 11 Okutobala 2024 linali tsiku loti akafotokoze ntchito yawo pamaso pa aphunzitsi ndi ophunzira a yunivesite. Misonkhano yotere akuti imakhala ya anthu khumi ndi awiri ndi mbale ya mabisiketi. Tsiku limenelo munalowa anthu oposa makumi asanu ndi limodzi. Anamwino anasinthanitsa mashifiti, a ku Kwinana tinapempha tchuthi, amayi a Mvano anabwera mu yunifomu yawo, mpaka mipando inachita kubwerekedwa chipinda china. Amalume anakana mpando wa matayala. Anaima ndi ndodo, suti itawakulira, n'kulankhula mphindi makumi anayi osayang'ana pepala. Ife amene tinkangomva za Wailesi kwa amayi athu tinamuona ndi maso tsiku limenelo.

Itafika nthawi ya mafunso, wophunzira wina wamkazi wa kuno, amene sankadziwa kanthu za moyo wawo, anafunsa ngati zimene anenazo ndi za Amereka yekha. Chipinda chinazizira kwa ife odziwa. Tinaona maso a amalume akupita kukhomo, n'kukhala komweko. Ine ndinkati basi, zatikanika pomaliza penipeni. Mayi Margreth anadzuka pampando wawo, anayenda ndi nyamakazi yawo mpaka pakhomo paja, n'kuima pomwepo atapinda manja, kuti amuna awo akayang'ana kukhomo aziona iwo. Amalume anatembenukira kwa wofunsayo, n'kuyankha momveka mpaka kumbuyo kuti zimachitika paliponse pamene anthu atcha munthu mnzawo Mose n'kusiya kumufunsa mafunso. Anaonjeza kuti zinachitika kwawo, iwo anaziona, ndipo dzina la dzikolo ndi Malawi, dziko limene amalikonda.

Zimene zinatsatira, a yunivesite sadzaiwala. Amayi a Mvano anaimba nthungululu zoti denga litsike. Azungu anadzidzimuka kaye, kenako anaimirira n'kumawomba m'manja. Phokosolo linafika mpaka pansi, ndipo mlonda wa pamalopo anathamanga kudzaona ngati kwagwa ngozi. Chitseko chinatseguka, pakhomo n'kuima mwamuna wa yunifomu, wailesi ya m'manja ili pachifuwa. Amalume anamuyang'ana, anayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka misozi, mpata wa mano aja uli poyera. Ndipo anamuuza m'Chichewa, munthu wosamva n'komwe, kuti, "Mwachedwa achimwene, ndanena kale."

Buku lonse analipereka mu Febuluwale 2025, ndipo linatumizidwa kwa oyesa, mmodzi wa iwo ali ku Amereka. Kuyambira mu Meyi thupi linayamba kukana, ndipo mu Juni anagonekedwa ku chipatala ku Nedlands. Tinkaopa kuti yankho lidzapeza munthu atapita. Iwo sankaopa, ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nesi aliyense wolowa ndi jakisoni ankatuluka atamva za belu long'aluka. Lachiwiri pa 22 Julayi 2025 Dokotala Katherine analowa mu wodi atanyamula kalata, mkanjo ndi chipewa. Oyesa onse anavomereza. Wa ku Amereka uja analemba kuti chaputala chachisanu chamuphunzitsa za dziko lake zimene sanazione zaka zonse wakhala akuphunzitsa, ndipo anawaitana kuti akalankhule kwa ophunzira ake. Tinawaveka amalume mkanjowo ali pabedi, pamwamba pa machubu, ndipo anamwino a wodi yonse anabwera kudzawapatsa moni wakuti Dokotala.

Alipo ena amene anayamba kunena kuti zawachitikira ngati Mose, kuona dziko patali osalowamo. Malemu fanizo limeneli analikana. Anati iwo si Mose, ndi mphunzitsi wa ku Dowa, ndipo ku Amereka sankakufunira kuti akaone nyumba zazitali. Chimene ankafuna chinali yankho la funso lawo ndi mpata wolinena, ndipo zonse ziwiri anazipeza. Masiku awo otsiriza anali a chimwemwe chimene sitinawaonepo nacho. Ankalankhula kuyambira m'mawa mpaka nthawi yothamangitsa alendo, mayi Margreth n'kumadandaula mwanthabwala kuti anapempha mvula, kwabwera chigumula. Anatisiya Loweruka pa 9 Ogasiti 2025, nthawi ya 10 koloko m'mawa, akazi awo atawagwira dzanja, ana onse atatu ali pomwepo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zitatu.

Malemu asiya mayi Margreth, amene akhala nawo m'banja zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Asiya ana atatu: Tayamika wa kuno ku Armadale, Atikonda amene wachokera ku Lilongwe, ndi Annastazia amene wachokera ku Adelaide. Asiya adzukulu asanu ndi mmodzi, wamkulu ndi Samantha, amene agogo ake akamulankhula m'Chichewa ankayankha m'Chingerezi, koma dzulo wapempha kuti makope a pamanja aja asungidwe kwa iye. Asiya alongo anayi ku Dowa, amene akutiona pa foni pakali pano, pamodzi ndi mudzi wonse wa Kanyenda.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo banja likuthokoza onse amene mwatisenzetsa. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino a ku Nedlands, amene anawasamala ngati bambo awo. Tikuthokoza abusa ndi mpingo, amayi a Mvano amene sanachoke pakhomo sabata yonseyi, bungwe la a Malawi a mu Perth, ndi abale athu a ku Zambia amene atiphikira ndi kutiyendetsa. A Kapembwa, nkhoswe mnzanga, mafomu aja munachita bwino kuwakakamiza. Dokotala Katherine, tsiku lija munatibweza chimanjamanja ndi masuti athu tinakudandaulani njira yonse, koma lero banja lonse likuti zikomo chifukwa chokana. Ndipo inu mayi athu, amene munaima pakhomo, mawu okuthokozerani tilibe.

Ife tikulira, pakuti mtengo waukulu wagwa, koma sitikulira ngati anthu ogonja. Munthu amene tikukamuika lero sakupita ndi kanthu kobisa pachifuwa. Dokotala Mcdonald Kalilangwe, aphunzitsi, amalume anga, munanena zonse, ndipo tamva. Ambuye amene anakutsegulani pakamwa akulandireni, mzimu wanu uuse mumtendere.